Mbewu ya tirigu yodalira jini imodzi sichedwa kugonja ku dzimbiri

Alimi a mthirira a ku Chikwawa ndi Nsanje amene akuganiza zodzala tirigu m'nyengo yozizira asamakhutire akangomva kuti mbewu ndi "yopirira ku matenda". Afunse kuti ikupirira ndi majini angati. Jini ndi kachidutswa ka DNA, malangizo a chibadwa amene chomera chimatengera kwa makolo ake.

Dzimbiri la phesi, matenda otulutsa zotupa zofiirira pa tirigu, limayamba ndi fangasi amene amauluka ndi mphepo, ndipo amakonda kutentha ndi mame a usiku, zinthu zosasowa m'chigwa muno. Majini ena a tirigu, monga Sr31 yomwe inachokera ku rye (mbewu yofanana ndi tirigu), amazindikira puloteni imodzi ya fangasiyo. Akaizindikira, maselo a pamalo polowera amafa msanga, fangasi n'kusowa chakudya. Munda umaoneka woyera. Koma fangasi akangosintha puloteniyo, jini siimuzindikiranso. Zinachitika ku Uganda mu 1998: mtundu wa fangasi wotchedwa Ug99 unagonjetsa Sr31, ndipo pofika 2006 mphukira yake inali itagonjetsanso jini ina, Sr24, ku Kenya.

Majini ena monga Sr2 ndi Lr34 amagwira ntchito tirigu akakula. Saletseratu matenda, amangowachedwetsa, moti timadontho tochepa ta dzimbiri timaonekabe. Anayi kapena asanu otere akaphatikizidwa, chitetezo chimakhala cholimba komanso chokhalitsa. Ine ndingasankhe mbewu yotereyi, ngakhale masamba ake asakongole pa munda wachionetsero.

Kuphatikizako n'kovuta. Mukakwatitsa mitundu iwiri yosiyana pa majini anayi, pa mbadwo wachiwiri chomera chimodzi chokha mwa 256 ndicho chimatenga onse anayi mokhazikika. N'chifukwa chake akatswiri amapima DNA ya kachidutswa ka tsamba mbande zikadali zazing'ono, kenaka mbewu zosankhidwazo amakaziyesa kumalo kumene dzimbiri ndi lochuluka monga Njoro ku Kenya.

Palinso matenda a blast, oyeretsa ngala zisanakhwime. Anapezeka ku Brazil mu 1985, ku Bangladesh mu 2016, ndipo mu 2018 anali ku Mpika, kwa anansi athu ku Zambia. Amakonda kutentha ndi chinyezi, amayendanso ndi mbewu. Chitetezo chodalirika chagona pa chidutswa cha DNA chotchedwa 2NS chochokera ku udzu wakutchire, ndipo sichokwanira.

Choncho musagule mbewu yosadziwika kochokera. Dzalani molawirira kuti ngala zituluke kusanatenthe, ndipo tirigu akamamasula thirirani m'mizere, osati kuwaza pamwamba. Mukaona zotupa zofiirira pa phesi la mbewu yomwe inali yopirira, itanani alangizi msanga, chifukwa mwina wafika ndi mtundu watsopano wa fangasi.