Mafunso ndi mayankho pa mapu a miyala ndi kutentha kwa pansi pa nthaka a SCEC

Chitchulireni m'kalasi ntchito ya SCEC yopanga mapu a pansi pa nthaka, ophunzira sakuleka kugogoda pa ofesi yathu, ndipo ambiri mwa inu funso lanu ndi la ndalama. Tayankha pano kuti nonse mumve zofanana.

SCEC n'chiyani?

Ndi mgwirizano wa akatswiri a zivomezi ku California, ndipo dzina lake lonse ndi Statewide California Earthquake Center (kale linali Southern California Earthquake Center). Unayamba mu 1991 ndipo likulu lake lili ku University of Southern California, mumzinda wa Los Angeles.

Akupangira limodzi chiyani?

Mapu a pa kompyuta oonetsa za pansi pa nthaka. Geologic Framework Model imagawa kum'mwera kwa California m'zigawo potengera mtundu wa miyala, pomwe Community Thermal Model imanena kutentha kwa miyalayo pa kuya kulikonse. Ziwirizi zikaphatikizidwa zimathandiza kupanga Community Rheology Model, yofotokoza ngati mwala ungathyoke kapena kupindika ukapanikizika.

Kutentha kukukhudzana bwanji ndi chivomezi?

Mwala wozizira umathyoka mwadzidzidzi. Wotentha umanyumbuka pang'onopang'ono ngati phula. Quartz, yomwe imapezeka m'miyala yambiri, imayamba kufewa pa madigiri Celsius 300 mpaka 350, choncho kutentha ndiko kumaika malire a kuya kwa zivomezi. Ku Salton Trough, chigwa cha kum'mwera kwa California komwe pansi n'potentha kwambiri, zivomezi zimachitikira pafupi ndi pamwamba. Kwathu kuno chivomezi cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 chinachokera pa kuya kwa makilomita pafupifupi 30, chizindikiro cha miyala yolimba ndi yosatentha kwenikweni.

Kodi ndikalowa nawo ndilipidwa?

Apa m'pamene pagona chisokonezo. Ofesi yathu silemba anthu ntchito m'malo mwa SCEC ndipo sitinalonjezepo aliyense malipiro. Ndalama zoyendetsera mgwirizanowu zakhala zikuchokera kwambiri ku mabungwe awiri a boma la United States: National Science Foundation ndi U.S. Geological Survey. Akatswiri amalemba ndondomeko za kafukufuku, zimaunikidwa, ndipo zosankhidwa zimalandira thandizo kudzera ku sukulu kapena bungwe la katswiriyo, osati m'thumba mwake. Kupereka chabe zotsatira za miyeso yanu, kapena kukonza cholakwika pa mapu, si ntchito yolipidwa. Phindu lake ndi kutchulidwa ngati mmodzi mwa othandiza.

Nanga munthu wa kunja kwa United States? Kutenga nawo mbali n'kotheka, koma kulandira ndalama ndi nkhani ina, yoyendera malamulo a opereka ndalamazo komanso chilengezo choitanira ndondomeko za kafukufuku cha chaka chimenecho. Werengani chilengezocho nokha musanagule tikiti yopita kumsonkhano wawo. Msonkhano wawo wa pachaka umachitikira mumzinda wa Palm Springs ku California mu Seputembala, ndipo kulembetsa sikutanthauza kuti wina akulipirirani ulendo. Tikubwereza izi chifukwa sitikufuna kuti wina akongole ndalama podalira mphekesera.

Mapuwa amagulitsidwa?

Ayi. Aliyense angathe kuwatenga kwaulere pa intaneti.

Kodi manambala a kutenthawo ndi odalirika?

Tivomereze: osati paliponse. Kutentha kumayezedwa m'zitsime zobooledwa, ndipo chitsime cha kafukufuku cha ku Cajon Pass, pafupi ndi San Andreas, mng'alu waukulu wa m'miyala womwe umayambitsa zivomezi ku California, chinangofika makilomita pafupifupi 3.5, pomwe zivomezi zimayambira mpaka makilomita 15 kapena kuposa. Kupitirira pamene chitsime chalekezera ndi masamu. Komanso akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri chifukwa chomwe San Andreas siutulutsa kutentha kochuluka monga kukhuzana kwa miyala kukanachitira. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya gulu: mutu umodzi susenza denga, ndipo mapuwa amakonzedwanso miyeso yatsopano ikapezeka.

Adzatiuza tsiku la chivomezi?

Ayi. Amathandiza kuyerekeza kukula kwa chivomezi chomwe mng'alu ungabweretse, osati tsiku lake. Cha ku Northridge, dera la mumzinda wa Los Angeles, cha pa 17 Januwale 1994, cha mphamvu ya 6.7, chinachokera pa mng'alu wobisika womwe sunkaoneka n'komwe pamwamba pa nthaka.