Kodi dila wa makhadi a masewera amalakwa pati?

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yowunika makhadi a masewera ndi kuwaika mitengo, amayamba afunsa kuti kapepala ka chithunzi cha wosewera baseball kangafike bwanji mamiliyoni, kenako amabwera ndi funso lenileni, kuti kodi madila onsewa si akuba basi? Ayi si onse. Koma funsoli silopusa, ndipo osonkhanitsa makhadi eniakewo amakangana za nkhani yomweyi tsiku ndi tsiku, makamaka ku America komwe kuli msika waukulu wa zinthuzi.

Tiyambe ndi chomwe chimapangitsa kuti chinyengo chikhale chokoma chonchi. Khadi la masiku ano ndi la mainchesi 2.5 ndi 3.5, saizi yomwe kampani yopanga makhadi ya Topps idakhazikitsa mu 1957. Makhadi awiri ofanana ndendende, wosewera yemweyo chaka chomwecho, amatha kusiyana mtengo kakhumi olo kuposa pamenepo chifukwa cha mmene lasungidwira basi. Makampani ngati PSA, SGC ndi Beckett amaliyang'ana makona ngati ali akuthwa, m'mbali ngati simunakukutike, pamwamba ngati palibe kukandika kapena kupindika, komanso ngati chithunzi chili pakatikati, nde amalipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 10 n'kulitsekera mu kabokosi ka pulasitiki komwe timati slab. Khadi la wosewera baseball Mickey Mantle la Topps la 1952 lomwe SGC idalipatsa 9.5 lidagulidwa $12.6 miliyoni ku Heritage Auctions mu Ogasiti 2022, pomwe khadi lomwelo lokhala ndi makona obuntha limapita pa kachigawo kochepa chabe ka ndalama imeneyo. Ndiye taganizani munthu ali ndi khadi la giredi 6 ndi kampeni kakuthwa m'manja, akudziwa kuti akangosenga pang'ono kwambiri m'mbalimo makona aoneka atsopano.

Zimenezo ndi zomwe timati trimming, ndipo pa machimo onse a dila ili ndi lomwe osonkhanitsa salikhululukira. Nkhani yomwe aliyense mu bizinesiyi amaidziwa ndi ya khadi la wosewera baseball Honus Wagner la mu gulu la makhadi lotchedwa T206, lomwe linkatuluka m'mapaketi a ndudu a American Tobacco Company kuyambira 1909. Limodzi mwa makhadi amenewa, looneka bwino kuposa onse, katswiri wa hockey Wayne Gretzky ndi mwini timu yake Bruce McNall adaligula $451,000 pa okushoni ya Sotheby's mu 1991, ndipo ndi khadi loyamba lomwe PSA idapatsa giredi, idalipatsa 8. Mu 2007 Ken Kendrick wa timu ya Arizona Diamondbacks adalipira $2.8 miliyoni. Zaka zonsezo anthu ankanong'onezana kuti m'mbali mwa khadili ndi mowongoka mokayikitsa, mpaka mu 2013 Bill Mastro, dila wamkulu yemwe khadili lidadutsa m'manja mwake m'ma 1980, adavomera kukhoti kuti adalidula. Mu 2015 adagamulidwa kukakhala kundende miyezi 20.

Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti khadi lodulidwa silibwereranso. Makhadi a 1909 sakupangidwanso, alipo ochepa omwewo, nde munthu mmodzi wadyera akadula limodzi wawononga chinthu chomwe chidapulumuka zaka zambirimbiri m'madirowa a anthu. Ndipo bodzalo limayenda ndi khadilo, wogula woyamba amagulitsa kwa wachiwiri ali ndi mtima woyera, wachiwiri kwa wachitatu, aliyense akunamiza mnzake osadziwa. Zili ngati galimoto yomwe wina adabweza mileage isanafike kwa inu, mukaigulitsa mwanamiza mnzanu olo simunakhudze kalikonse.

Mu 2019 nkhaniyi idaphulikanso, ndipo omwe adaivumbula sanali apolisi kapena makampani a giredi, anali osonkhanitsa wamba okhala pa kompyuta usiku kufanizira zithunzi. Khadi lakale limakhala ndi timadontho ndi timizere ta kusindikiza tomwe ndi take lokha, nde ankapeza chithunzi cha khadi litagulitsidwa lili giredi 5, patapita miyezi khadi lomwelo, timadontho tomweto, likutuluka mu slab yatsopano lili 8 koma lachepa pang'ono m'mbali. Adapeza ambiri moti FBI idayamba kufufuza. Apa m'pomwe ena mu bizinesiyi adayamba kunena kuti pali kusiyana pakati pa kukonza khadi kuti lisawonongeke ndi kulisintha. Pang'ono ali ndi mfundo, kupukuta chidindo cha chala chamafuta pa khadi lonyezimira la chrome ndi kansalu kofewa palibe amene amadandaula. Koma kuviika khadi m'madzi kuti guluu achoke, kulipanikiza kuti kupindika kusaoneke, kupaka utoto pa kona yomwe yayera, apa anthu amagawikana kwambiri. Ine maganizo anga ndi achidule. Ngati zomwe wachitazo ndi zabwinobwino, zilembe pa malonda ako kuti khadi ili ndidaliviika ndipo ndidalipanikiza, wogula asankhe yekha. Dila amene sakufuna kulemba akudziwa kuti akalemba mtengo utsika, ndiye kuti ndalama yapamwambayo akuipeza chifukwa choti wogula sakudziwa.

Tchimo lachiwiri ndi la ku okushoni, shill bidding. Mwini khadi kapena mnzake kapena wantchito wa kampani ya okushoniyo amaponya mabidi abodza kuti wogula weniweni akankhidwe mpaka pomwe angathere. Mlandu wa Mastro Auctions, kampani ya okushoni ya Bill Mastro uja, udali wa zimenezinso, osati kudula kokha, ndipo Doug Allen yemwe anali pulezidenti wa kampaniyo adapatsidwa miyezi 57. Mu Ogasiti 2021 eBay idaletsa PWCC, yomwe inali imodzi mwa ogulitsa makhadi akuluakulu pamenepo, ponena kuti anthu ogwirizana ndi kampaniyo ankachita shill bidding, PWCC idakana mlanduwo. Anthu akunja amaona ngati wopwetekeka ndi mmodzi yekha amene walipira mopyolayo, koma ayi. Ife mitengo timaitenga pa zomwe timati ma comps, kutanthauza ndalama yomwe khadi lofanana lagulidwa posachedwa. Malonda amodzi abodza akalowa mu ma comps, aliyense wogula khadi limenelo mwezi wotsatira, kaya ku sitolo kaya ku show komwe madila amasonkhana kugulitsa makhadi, akulipira mtengo womwe palibe munthu weniweni adafunapo kulipira.

Tsono pali mbali ina yomwe osonkhanitsa, makamaka atsopano, amalakwira madila, ndipo ndiyenera kuinena. Munthu amabwera ndi khadi lomwe waona pa eBay lapita $100, dila akuti ndikupatsa $65 kapena $70, iye nkuyamba kukuwa kuti wandibera. Sanakubere. Dilayo ali ndi lendi, walipira tebulo ku show, eBay imadula yake yoposa 10 peresenti, ndipo akutenga chiopsezo choti mtengo ugwa khadi lili m'kabati mwake. Kugwako si nthano, khadi la Michael Jordan la kampani ya Fleer la 1986 lomwe PSA idalipatsa 10 lidafika $738,000 kumayambiriro kwa 2021 msika utapenga nthawi ya Covid, pasanapite nthawi yaitali silinkafika olo theka la ndalamayo. Wakuuza mtengo wa pamsika, wakuuza zomwe iye angapereke, wakusiya usankhe, imeneyo ndi bizinesi yoyera ndipo osonkhanitsa okhwima alibe nayo vuto. Chimodzimodzinso akakuuzani kuti bokosi lanu la makhadi a kumapeto kwa ma 1980 ndi kumayambiriro kwa ma 1990 lilibe mtengo, nthawi zambiri akunena zoona, zaka zimenezo makampani adasindikiza makhadi ochuluka mopyola muyeso, timazitcha junk wax, ndipo pafupifupi nyumba iliyonse ku America yomwe munali mnyamata ili ndi bokosi lotere.

Povuta penipeni ndi pomwe mmodzi akudziwa ndipo winayo sakudziwa kalikonse. Mu 1990 ku Illinois mwana wasukulu adagula khadi la wosewera baseball Nolan Ryan la 1968 pa $12, chifukwa wogulitsa m'sitolo yemwe sankadziwa za makhadi adawerenga molakwika mtengo womwe unali $1,200. Mwini sitolo adakasuma, nkhani idamveka dziko lonse, mapeto ake adagwirizana kuti khadilo ligulitsidwe pa okushoni ndalama zipite ku zachifundo. Mpaka pano mukaifunsa nkhaniyi kwa osonkhanitsa amagawikana, ena amati sitolo ndi yomwe imayenera kudziwa katundu wake, ena amati mwanayo ankadziwa bwino kuti munthu walakwitsa. Koma muitembenuze, wodziwayo akhale dila, wosadziwayo akhale mayi wamasiye amene wabwera ndi bokosi la nsapato lodzaza makhadi a malemu amuna awo, pafupifupi onse amagwirizana kuti dila amene wapereka $200 ataona kale Mantle pansi pa bokosilo wachita zoipa, olo lamulo lisamugwire.

Ena amati nanga kusiyana kwake kuli pati, poti dila yemweyo akapeza khadi la $500 mu bokosi la dila mnzake lolembedwa kuti lililonse $1 tonse timamuwombera m'manja? Kusiyana kulipo ndipo ndi kwakukulu. Dila mnzakeyo adaika mtengo yekha, ndi ntchito yake kudziwa, sanafunse nzeru kwa munthu. Mayi aja sanaike mtengo, abwera kudzafunsa kuti bambo, izi zingakhale ndalama zingati? Akangofunsa choncho akudalira iwe ngati katswiri, ndiye yankho lako likakhala lonama kapena ukangoti ndi zakale izi mayi, zilibe ntchito, wagwiritsa ntchito chikhulupiriro chawo kuwalanda. Madila abwino omwe ndimawalemekeza amati mayi, muno muli makhadi atatu a ndalama zambiri, pa okushoni angapite pafupifupi mwakuti, ine nditha kukupatsani mwakuti lero lomwe, kapena ndikulozereni komwe mungakagulitse nokha. Phindu amapezabe, ndipo anthu ambiri amasankha ndalama ya lero lomwe.

Za ma break ndingodutsapo mwachangu. Apa anthu ambiri amasonkha kugula malo, aliyense timu yake, wina n'kumatsegula bokosi pa vidiyo ya live. Malamulo omwe anthu amayembekeza ndi odziwika, bokosi lioneke lili lomata, lisachoke pa kamera, manja aoneke nthawi yonse, ndipo khadi lalikulu likatuluka lipite kwa mwini malo olo likhale la ndalama zingati. Kalekale vuto lofanana nalo linali la ogulitsa omwe ankapima mapaketi pa sikelo kapena kuwafinya kuti adziwe momwe muli khadi lokhuthala la kansalu ka jezi, n'kuchotsa amenewo, otsalawo kugulitsa kwa ana pa mtengo wonse.

Ngati mukufuna kuyamba kugula, kaya ndi baseball kaya makhadi a mpira wamiyendo a Topps ndi Panini, slab iliyonse ili ndi nambala yomwe mungaifufuze pa webusayiti ya kampani ya giredi, onani ngati ikugwirizana ndi khadi lomwe mukuliona, chifukwa ma slab abodza aliponso. Yang'anani mitengo yomwe makhadi agulidwadi, osati yomwe anthu akupempha, ndipo musadalire malonda amodzi okha. Khadi lodula lomwe silili mu slab, funsani mwa meseji ngati lidadulidwapo, kupakidwa utoto kapena kupanikizidwa, yankho likhale lolembedwa. Ndipo funsani funso limodzi lomwe limasiyanitsa madila msanga, kuti zikadzapezeka kuti khadili lidasinthidwa mudzandibwezera ndalama? Wina amayankha kuti PSA idalipatsa 8 kale, zimenezo mukafunse kwa iwowo. Wina amati bweretsani khadi ndi risiti ndikubwezerani, za kampani ya giredi ndikathana nazo ndekha, ndipo ameneyo ndi amene ine ndimatumizako anthu.