Jamu pa buledi wa osauka ndi m'ngalande za nkhondo

Mu 1874 boma la Britain linachotsa msonkho wa shuga, mtengo wake n'kutsika mpaka anthu ogwira ntchito m'mafakitale anayamba kumukwanitsa. Ophika jamu wogulitsa anali atayamba kale: William Hartley mu 1871, banja la Chivers ku Histon, mudzi wa ku England, mu 1873. Shuga atatchipa, malonda awo anakula msanga. Mayi amene sakanatha kugula batala ankapaka jamu pa buledi, ana n'kumwera tiyi, tsiku n'kutha. Amalonda ankamutamanda kuti ndi chakudya chopatsa thanzi poti muli zipatso. Kunena zoona, mphamvu yake yambiri inali ya shuga, koma mwana wanjala safunsa kuti mphamvu yachokera kuti.

Ana okulira pa buledi wa jamu ndi amene anavala yunifolomu ya usilikali mu 1914, pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inayamba. Pa chakudya cha tsiku limodzi cha msilikali wa Britain panali jamu wokwana magalamu pafupifupi 113, pamodzi ndi nyama, buledi kapena mabisiketi, tchizi, tiyi ndi shuga. Akuluakulu a nkhondo anamukonda chifukwa m'chitini sawonongeka msanga, safuna moto, ndipo amathandiza kumeza mabisiketi aja, amene anali olimba moti ena ankachita kuwaviika m'madzi kapena kuwaphwanya kaye.

Ambiri mwa jamuyu ankachokera ku fakitale ya Thomas Tickler ku Grimsby, tauni ya ku England, ndipo pafupifupi nthawi zonse anali wa mtundu umodzi, wa mapulamu osakaniza ndi maapozi, zipatso zotchipa komanso zosavuta kupeza. Lero yemweyo, mawa yemweyo. Asilikali anatopa naye mpaka dzina la Tickler linalowa m'nthabwala ndi m'nyimbo zawo, ndipo ankanong'onezana kuti jamu wa sitiroberi amathera m'manja mwa anthu okhala kutali ndi zipolopolo. Dandaulo lotere silisowa paliponse pamene chakudya chimadutsa m'manja ambiri chisanafike kwa mwini wake.

Chitini chikatha sichinkatayidwa. Kumayambiriro kwa nkhondo mabomba oponya pamanja anali ochepa, choncho asilikali ankadzipangira okha. Ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, mu 1915, a ku Australia ndi New Zealand ankadzaza zitini za jamu ndi wonga, misomali ndi tizidutswa ta waya waminga, n'kuikamo chingwe choyatsira.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, jamu anakhala nkhani ya kumudzi ku Britain. Kuyambira mu March 1941 ankagulidwa mwa muyezo wa boma, ndipo amayi a bungwe la Women's Institute ankasonkhana m'maholo a m'midzi kuphika zipatso zimene zikanawolera pansi pa mitengo. Pakati pa 1940 ndi 1945 anasunga zipatso zoposa matani 5,300. Ntchitoyi ankaigwira osalipidwa, ndipo jamu amene anaphikayo ankapita m'masitolo kukagawidwa mofanana kwa aliyense.