Khedive Ismail: sitima yomwe inamira m'mphindi zitatu

Agogo athu a KAR amene anakamenya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Burma sanapiteko pa ndege. Ankakwera sitima padoko la Mombasa, n'kuwoloka nyanja ya Indian kupita ku Ceylon, dziko lomwe lero timati Sri Lanka. Panjira yomweyo, pa 12 February 1944, panachitika ngozi yomwe anthu ambiri kuno sanaimvepo.

Sitima ya Khedive Ismail sanaipangire nkhondo. Anaikhoma ku Greenock, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1922, ndipo dzina lake loyamba linali Aconcagua. Eni ake anali kampani ya ku Chile, ndipo inkanyamula anthu apaulendo pakati pa Valparaíso ndi New York kudzera mu ngalande ya Panama. Chuma cha padziko chitalowa pansi, kampaniyo inalephera kuisunga. Mu 1935 inagulidwa ndi kampani ya ku Egypt, yomwe inaitcha dzina latsopanoli. Mu 1940 boma la Britain linailanda kuti izinyamula asilikali.

Apa m'pamene pagona vuto. Sitima ya apaulendo ikasanduka ya asilikali, amaipakira anthu ochuluka kuposa omwe anaipangira. M'zipinda zapansi amadzazamo anthu ngati matumba a chimanga, koma makwerero otulukira amakhala omwe aja, ochepa ndi opanikiza. Zinthu zikavuta, wokhala pansi amafunika nthawi kuti afike pamwamba.

Sitimayi inanyamuka ku Mombasa pa gulu la sitima zisanu zonyamula asilikali, lotchedwa KR 8. Inali ndi anthu 1,511. Mwa iwo 996 anali a gulu la mizinga la East African Artillery, ndipo ambiri anali Aafirika. Munalinso anamwino ndi amayi ena ogwira ntchito za usilikali. Masana a tsikulo, gululi lili pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi, ya nambala I-27, inaponya mabomba oyenda m'madzi otchedwa topido. Awiri anamenya Khedive Ismail. Inapendekeka, n'kumira pasanathe mphindi zitatu. Panalibe mpata wotsitsa maboti opulumukira mwadongosolo, ndipo amene anali m'munsi anapita nayo.

Chotsatira ndicho chimene akatswiri a mbiri amakanganabe. Sitima ziwiri zankhondo zoperekeza, HMS Petard ndi HMS Paladin, zinayamba kusaka mdani uja. I-27 inabisala pansi pa malo omwe opulumuka ankayandama atagwira matabwa ndi zidutswa zina. Lamulo la asilikali apanyanja linali lomveka: yamba wawononga mdani, kupulumutsa anthu kubwere pambuyo, chifukwa ukamusiya amiza sitima zina zinayi zija. Choncho Petard inaponya mabomba ophulikira pansi pa madzi. Bomba lotere silifunika kukugunda. Mphamvu yake imayenda m'madzi n'kuphwanya za m'kati mwa munthu wosambira chapafupi. Ena amene anapulumuka kumira anafera pomwepo, ataphedwa ndi mabomba a anzawo.

Ine sindifulumira kuweruza woyendetsa Petard. Asilikali masauzande anali m'sitima zotsalazo. Komanso sindivomereza kuti nkhaniyi izinenedwa mopepuka, ngati kuti lamulo likakhalapo ndiye kuti imfazo sizikuwerengedwa.

I-27 inakakamizika kutulukira pamwamba. Paladin inaigunda n'kudziwononga yokha kwambiri, ndipo pamapeto pake Petard inaimiza ndi topido.

Anthu 1,297 anafa. Anapulumuka 214 okha, amuna 208 ndi akazi 6. Akazi 77 anafera m'madzi tsiku limenelo, chiwerengero chachikulu kuposa china chilichonse cha amayi a usilikali a mayiko a Commonwealth ofa pa ngozi imodzi. Mabuku a ku Britain amakumbukira kwambiri anamwinowa, ndipo n'koyenera. Koma ochuluka mwa akufa anali anyamata a ku Africa oombera mizinga, amene anali asanafike n'komwe kunkhondo. Poti manda awo ndi nyanja, mayina a ambiri mwa iwo analembedwa pa chipilala cha East Africa Memorial mumzinda wa Nairobi.