Chifukwa chake golide wonga fumbi amathawa m'beseni losasefa

Anthu ambiri amene amasaka golide m'mitsinje pongosangalala nazo amakhulupirira kuti popeza golide ndi wolemera, atsala yekha pansi pa beseni zivute zitani. Pa timibulu tikulutikulu zimenezi n'zoona. Koma golide wochuluka wa m'mitsinje ndi wonga fumbi, ndipo ameneyu amapita ndi madzi mwini wake asanamuone n'komwe. Kawirikawiri chimachititsa n'chakuti miyala, mchenga ndi matope zatsukidwa pamodzi, zosalekanitsidwa kukula kwake.

Tione manambala pang'ono. Golide weniweni amalemera magalamu 19.3 pa kiyubiki sentimita imodzi. Wa mumtsinje amakhala wosakanikirana ndi siliva, choncho amapepukirapo, nthawi zambiri pakati pa 15 ndi 19. Mchenga woyera wa quartz umalemera 2.65, ndipo mchenga wakuda, umene mbali yake yaikulu ndi magnetite, umalemera pafupifupi 5.2. Kusiyanaku n'kwakukulu ndithu, koma madzi sasankha zinthu potengera kulemera kokha. Amazisankha potengera liwiro limene chilichonse chikumira nalo, ndipo liwirolo limadalira kulemera, kukula ndi kaumbidwe ka chinthucho. Kamwala kopepuka koma kakakulu kangafike pansi nthawi imodzi ndi kagolide kolemera koma kakang'ono.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. M'madzi chinthu chilichonse chimapepuka ndi mlingo wa madzi amene chawakankha, ndipo popeza madzi amalemera galamu imodzi pa kiyubiki sentimita, golide amatsala ndi 18.3, quartz 1.65, magnetite 4.2. Pa timibulu tokulirapo, kagolide kamamira mofanana ndi ka quartz kokula kuwirikiza pafupifupi ka 11, ndipo n'chifukwa chake golide wooneka bwino ndi maso savuta kugwira. Timibulu tikachepa kwambiri, madzi amayamba kutigwira mwa njira ina, imene katswiri wa sayansi George Stokes anaifotokoza mu 1851. Pamenepo mwayi wa golide umatsika: pa quartz umangotsala kuwirikiza katatu ndi pang'ono, pa magnetite kawiri kokha. Kagolide ka milimita 0.07 kamamira ngati ka mchenga wakuda ka milimita 0.15. Mukathira madzi amphamvu okwanira kuchotsa mchenga wakudawo, golide wanunso wapita nawo. Sefa amathetsa vutoli, chifukwa timibulu tonse tikakhala tofanana kukula, kulemera kokha ndi kumene kumatsala kuti kusankhe, ndipo pa kulemera golide amaposa kutali mchenga woyera ndi wakuda womwe.

Masefa amadziwika ndi nambala ya mesh, imene imanena kuchuluka kwa mabowo pa inchi imodzi. Nambala ikakula, mabowo amachepa. Pa muyeso wa ku America, umene masefa ambiri a ntchitoyi amatsatira, mesh 8 ali ndi mabowo a milimita 2.36, mesh 20 a 0.85, mesh 30 a 0.6, mesh 50 a 0.3, mesh 100 a 0.15, ndipo mesh 200 a 0.075. Masefa a mabowo aakulu kawirikawiri amangotchulidwa kuti a theka la inchi, amene ndi milimita 12.7, kapena a kota ya inchi.

Simufunika kukhala nawo onse. Pamtsinje, sefa wa theka la inchi kapena wa kota woikidwa pakamwa pa ndowa ndi wokwanira kuchotsa miyala musanathire mchenga m'beseni kapena m'bokosi la sluice (bokosi lalitali lodutsitsamo madzi, lokhala ndi timizere pansi tokola golide). Ntchito yeniyeni ili pa zolemera zotsala pansi pa beseni kapena bokosi, zimene mwasonkhanitsa tsiku lonse. Pamenepo ine ndimalangiza mesh 20 kapena 30, kenako 50, kenako 100. Mukaonetsetsa muona kuti kuchoka pa 30 kufika pa 50, ndi pa 50 kufika pa 100, bowo likuchepa ndi theka. Zimenezi zikugwirizana ndi kawiri uja wa magnetite: m'gulu lililonse, kagolide kochepetsetsa kamakhalabe ndi mwayi wokhala pansi pa kamchenga kakuda kokulitsitsa. Gulu lililonse mulitsuke palokha, ndipo gulu likamachepa kukula, madzi nawonso azichepa mphamvu. Zodutsa pa mesh 100 zimafuna madzi ongoyenda pang'onopang'ono ndi dzanja lodekha, supuni imodzi kapena ziwiri za mchenga pa nthawi.

Sefani m'madzi. Mchenga wachinyezi umamatana n'kutseka mabowo, ndipo fumbi la golide limakakamira pa miyala ikuluikulu n'kutayidwa nayo limodzi. Mizani sefa m'ndowa yodzaza madzi, mugwedeze mozungulira, muzipukuta miyala ndi dzanja mpaka iyere. Musadzaze sefa. Timibulu timadutsa pokhapokha takhudza waya, choncho mulu waukulu umangoyendayenda pamwamba osasefeka. Masefa a mabowo ang'ono kwambiri ndi osalimba, musawakande ndi mwala kapena chitsulo, chifukwa bowo limodzi likang'ambika gulu lonse lasokonekera.

Dongo ndi mdani amene ambiri samuwerengera. Chibulumwa cha dongo chikalowa m'bokosi la sluice chimagubuduka n'kumatola golide amene anali atakhala kale pansi, n'kutuluka naye kumapeto. Linyikeni, muliphwanye ndi zala mpaka lisungunuke lonse musanasefe. Madzi akada ndi matope muwasinthe, popeza madzi olemera ndi matope amachedwetsa kumira kwa golide wamng'ono.

Zotsala pamwamba pa sefa musazitaye msanga. Ziyaleni, muziyang'ane bwino. Kambulu kakakulu ka golide, kapena mwala wa quartz wokhala ndi golide mkati, sikadutsa pa bowo laling'ono.

Pali chinthu china chimene sefa sangachikonze, ndicho kaumbidwe. Golide ndi wofewa, ndipo akayenda mtunda wautali mumtsinje miyala imamusula mpaka akhale waphanthiphanthi. Kagolide kotere kamatsika m'madzi ngati tsamba louma likamagwa mumtengo, mozungulirazungulira, ndipo pa sefa kamatsalira m'gulu la timibulu tokulirapo ngakhale kali kopepuka kuposa mmene kakuonekera. Kakauma kapena kakakhudza mafuta a m'manja, kamatha kuyandama pamwamba pa madzi osamira. Dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale m'madzi otsukiramo limathetsa zimenezi. Musachulutse, thovu nalonso limanyamula golide. Musalolenso kuti mchenga wa m'beseni uume pakati pa ntchito.

Maginito amathandiza kuchotsa magnetite, koma agwiritseni ntchito mutasefa kale. Mukawamiza pa mulu wochindikala, mchenga wakuda umakwera mogwirana n'kupanikiza golide pakati pake. Yalani mchengawo mopyapyala, maginito akhale m'kapulasitiki, muwadutsitse pamwamba osakhudza, ndipo zimene atola muzigwetsere m'beseni lina n'kubwereza kawiri kapena katatu. Ena akatopa ndi fumbi la golide amathamangira mercury, chitsulo chamadzimadzi chimene chimagwira golide. Musayerekeze. Nthunzi yake imawononga ubongo ndi impso, ndipo mercury ikalowa mumtsinje imakathera mu nsomba. N'chifukwa chake mayiko anagwirizana zochepetsa ntchito yake pa mgwirizano wa Minamata mu 2013. Pa mchenga wochepa umene wosaka golide mongosangalala amakhala nawo, kusefa mosamala kumagwira ntchitoyo bwinobwino.

Kuti mudziwe ngati njira yanu ikugwira, musatsukire mumtsinje mwachindunji. Tsukirani m'bafa kapena m'ndowa yaikulu kuti zotayika zonse zisungike, gulu lililonse palokha, kenako muzitsukenso. Mukapeza golide m'zotayika za gulu lina, chepetsani mphamvu ya madzi pa gulu limenelo, kapena muligawenso pawiri ndi sefa wapakati, monga mesh 70 pakati pa 50 ndi 100.