Tuba ili ndi mpando umodzi wokha

Makolo ena kuno ku Dedza amakhumudwa mwana wawo akapatsidwa tuba mu bandi ya kutchalitchi. Iwo amafuna kalipenga kakang'ono kotsogolera nyimbo, osati chilipenga chimene mwana amachita kuchikumbatira mpaka nkhope osaoneka. Ndiye amandifunsa kuti, "Aphunzitsi, chimenechi adzadya nacho?" Funsoli ndi lomveka, ndipo yankho lake silotsekemera.

Tuba ndi ya dzulodzuloli tikayerekeza ndi vayolini. Anaipanga ku Berlin mu 1835 a Wilhelm Wieprecht ndi a Johann Gottfried Moritz. Mutati muwongole chitoliro cha tuba yaikulu ya m'mabandi, chingapitirire mamita asanu, n'chifukwa chake mawu ake ali pansi penipeni. Mu orchestra, gulu la oimba ambirimbiri lija, oimba vayolini amaposa makumi awiri, koma tuba nthawi zambiri imakhala imodzi. Ndipo amene wapata mpandowo sachokapo wamba. A Arnold Jacobs anakhala pa mpando wa tuba ku Chicago Symphony Orchestra kuyambira 1944 mpaka 1988. Zaka 44 zonsezo, achinyamata aluso ankangouyang'anira patali. Malo akapezeka, anthu amabwera piringupiringu, ndipo kawirikawiri amaimbira kuseri kwa katani kuti oweruza asaone nkhope. A Carol Jantsch anapambana mpikisano wotere ku Philadelphia Orchestra mu 2006 akadali pasukulu ya ukachenjede.

Ukaupeza mpandowo, ntchito yambiri ndi kudikira. Mu symphony (nyimbo yaitali ya orchestra) ya 9 ya wopeka nyimbo Dvořák, tuba imaimba manotsi 14 basi. Kwinako munthu amangokhala chete, akuwerenga chamumtima, lipenga likuzizira pamiyendo. Akalowa mochedwa pang'ono, holo yonse yamva. Nyimbo yotchuka yoti tuba itsogolere inachita kubwera mu 1954, yolembedwa ndi Ralph Vaughan Williams.

Za kuzizirazi ife timazidziwa bwino. M'mawa wa mu Juni kuno, chitsulo chimaluma milomo, ndipo lipenga lozizira limatsitsa mawu. Ana anga ndimawauza kuti ayambe apumiramo mpweya wofunda, atsegule kabowo kotayira madzi (ambiri amati ndi malovu, koma kwenikweni ndi nthunzi ya mpweya), adonthezere mafuta m'mabatani, kenako n'kuyamba.

Luso lonse lagona pa mpweya. Tuba sifuna kukankha ndi mphamvu, imafuna mpweya wochuluka woyenda mosatsekereza, milomo ikunjenjemera momasuka. Mwana wodzitukumula, wolimbitsa mapewa ndi khosi, amatopa nyimbo isanafike pakati. A Jacobs aja anali ndi mphumu, komabe anatchuka padziko lonse pophunzitsa kapumidwe, moti ngakhale oimba malipenga ena ndi oimba pakamwa ankapita kwa iwo. Ankalimbikitsa kuti nyimbo iyambe yamveka m'mutu, milomo izingotsatira. Mwana amene sangathe kuimba mzere wa besi pakamwa, ine sindimupatsa lipenga tsiku limenelo.

Nanga kudya kuja? Ngakhale kunjako, oimba tuba ambiri amadalira kuphunzitsa. Kwathu kuno khomo lodziwika ndi bandi ya apolisi kapena ya asilikali. Mwana wofuna njira imeneyi aphunzire kuwerenga manotsi msanga, agwireko lipenga lachiwiri monga trombone, ndipo sukulu asaisiye, chifukwa kuusilikali ndi kupolisi amayamba afunsa satifiketi.