Dzuwa la mu Febuluwale limapsereza khungu olo kuli mitambo

Abale anga a kuno ku Kasungu ndi inu a ku Mchinji, mukatsegula za nyengo pa foni pamakhala kanambala kolembedwa UV kamene ambiri timangokadumpha. Kamanena mphamvu ya cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chomwe chimapsereza khungu n'kuyambitsa khansa ya pakhungu komanso ng'ala. Kakafika pa 3 yambani kudziteteza, pa 8 zavuta, 11 kupita m'mwamba ndiye zoopsa zedi, ndipo kwathu kuno masana kufika pa 11 si zachilendo ayi.

Nanga za mawa amazidziwa bwanji? Akatswiri amatenga zomwe akhala akuyeza zaka zam'mbuyomu, n'kuphatikiza pomwe dzuwa lili mwezi umenewo, mpweya wa ozone wotchinga chezachi umene masetilaiti amayeza kumwambako, utsi, fumbi ndi mitambo, kompyuta n'kuwerengetsa. Kukwera kwa malo nakonso, pa mamita 1,000 alionse UV amaonjezeka ndi 10 peresenti kapena cha pomwepo, ndiye ife tili kumtunda kale. Imavuta kulosera ndi mitambo basi, ikang'ambika masana nambala ija imakwera pompo.

Chomwe chimandidandaulitsa n'choti timayeza dzuwa ndi thukuta. UV si kutentha. Dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kumapeto kwa Okutobala komanso pakati pa Febuluwale, nthawi yothyola fodya imeneyo, kunja kuli kamphepo kozizirira munthu wavula malaya m'munda osadziwa kuti mitambo yopyapyala imadutsitsa cheza mpaka 80 peresenti.

Amene zimawapweteka kwambiri ndi abale athu achialubino, kalembera wa 2018 adawapeza 134,636 m'dziko muno. Mwana akabwera kusukulu makutu ndi kumbuyo kwa khosi kuli psuu, milomo yosweka, musati azolowera chonde. Chipewa chakhonde, malaya a manja aatali, magalasi a dzuwa, mafuta oteteza khungu ku dzuwa olembedwa SPF 50 azidzola maola awiri alionse, kafunseni kuchipatala cha boma. Kachilonda kosapola kapena kokakala kaonetseni msanga. Odzola mafuta oyeretsa khungu nanunso zikukukhudzani, akabaza samalani maso.

Ntchito yapadzuwa igwireni m'mamawa, kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko bola pamthunzi. Amafoni aintaneti pali apu yaulere ya SunSmart Global UV yomwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi anzake adatulutsa mu 2022, imalosera masiku asanu. Opanda foni onani chithunzithunzi chanu pansi, chikafupika kuposa msinkhu wanu thawirani pansi pa mtengo.